Nyumba ya Khonde ya ku Chiosya

1994: Kufika ku Chiosya

Ntchito ya ulangizi wa ziweto ndidayiyambira ku Dambe ndili mnyamata wosakwatira, ndipo ndidakhalako zaka zambiri ndikuyang'anira dibi limodzi ndi ng'ombe za midzi yozungulira. Kumeneko ndiko ndidapeza mayi anu, ndipo nonse awiri, iwe Elube ndi iwe Yohane, mudabadwira m'kanyumba ka boma kamene kadali kuseri kwa dibilo. Pano ndikufuna ndilembe za nyumba ya ku Chiosya, chifukwa ndaona kuti tikakumana pa maliro kapena pa ukwati nkhani yake mumayizemba, ngati mukuopa kundiputa misozi. Ndi bwino muyimve kwa ine yonse monga idayendera.

Adandisamutsira ku Chiosya chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri. Titafika ndi katundu wathu pa lole, tidapeza kuti m'nyumba ya boma mudakali mkazi wamasiye wa mlangizi amene ndinkamulowa m'malo, ndipo adalibe kolowera ndi ana ake. Sindikadatha kumutulutsa. Tidachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa golosale, momwe tinkagona ndi phokoso la wailesi ya eni sitolo ndi fungo la palafini. Inu mudali ku sukulu zogonera komweko, choncho mavuto a nyumbayo munkangowalawa pa tchuthi.

Tsiku lina adandiitana ku esiteti ya fodya yoyandikana nafe kuti ndikaone ng'ombe zapangolo zimene zinkatsokomola. Nditamaliza, kapitawo wa pamenepo, bambo wa ku Mulanje amene adakalambira pa esitetiyo, adanditengera kuseri kwa zigafa kuti ndikasambe m'manja. Kumeneko ndiko ndidayiona. Idali nyumba yaing'ono ya njerwa zootcha, yomangidwa m'nthawi ya atsamunda, ya khonde lozungulira mbali zitatu ndi chumuni pakati pa denga. Kapitawoyo adati amene adaimanga ndi mzungu amene adatsegula esitetiyo, ndipo chichokereni iye munkangosungidwa feteleza ndi ziguduli. Malata adali ofiira ndi dzimbiri, magalasi onse adasweka, siling'i idagwa ndi ndowe za mileme, koma makoma adali chiimire, okhuthala moti munthu ukhoza kukhala pawindo ngati pa benchi. Zitseko zidali za mlombwa ndipo chiswe chidazilephera. Adandiuzanso kuti eni esiteti a nthawiyo ankafuna kudula chigawo chimenecho n'kugulitsa, popeza fodya sankawayendera bwino.

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, ndidapita nawo mayi anu. Ine ndinkayang'ana denga n'kumawerengera ntchito, iwo adangodutsa m'nyumbamo n'kutulukira khomo lakuseri. Ndidawapeza ataima m'thengo lofika m'chiuno, pakati pa mtengo waukulu wa mapeyala ndi chitsime chokwiririka. Adathyola kanthambi ka mtengo wa mandimu umene unkaoneka wouma, n'kuona kuti m'kati mudali mwauwisi.

“Bambo a Elube,” adatero, “malo ano sanafe ayi. Angokomoka.”

Tidagula chaka chomwecho, titagulitsa ng'ombe zathu zimene tidasiya ku Dambe.

1995 mpaka 1998: Kukonza

Zaka zimenezi ntchito yanga idayamba kuvuta. Mankhwala a dibi amene kale ankabwera mwezi ndi mwezi adayamba kudumphadumpha, kenaka adasiyiratu, ndipo tidauzidwa kuti alimi azisonkha okha kudzera m'makomiti. Alimi adali atazolowera zaulere, komanso kunena zoona ambiri adalibe chosonkha. Dibi lidasanduka dziwe la achule. Ng'ombe zidadzala nkhupakupa, ana a ng'ombe n'kumafa, eni ake n'kumabwera kwa ine ngati mankhwalawo ndawabisa pansi pa bedi. Njinga yamoto ndidali nayo koma petulo ankabwera mwa apo ndi apo, moti midzi yambiri ndinkayendera yakapalasa, chikwama cha majekeseni kumsana, nthawi zina chopanda kanthu koma malangizo apakamwa. Ndikamabwerera madzulo ndili wofooka ndi wamanyazi, chimene chinkandilimbitsa mtima chidali kuona kuti kunyumba kwasintha kena kake.

Tidayamba ndi denga. Malata tinkagula ochepaochepa pa malipiro aliwonse, ndipo dzinja loyamba tidagona chipinda chimodzi chokha chimene chidafoleredwa, zinazo mvula ikulowa momasuka. Mileme tidayithamangitsa ndi utsi wa tsabola, ife tomwe n'kutsokomola sabata yathunthu. Kalipentala wina wa ku Guilleme, amene adaphunzira ntchito ku mishoni, adachotsa mafelemu a mawindo limodzilimodzi, kuwapala n'kuwabwezera, ndipo adakana kwamtuwagalu nditamuuza kuti tingoikamo achitsulo. Pansi titakwecha tidapeza simenti yofiira yosalala, imene mayi anu ankaipukuta mpaka kumaoneka nkhope. Makoma tidapaka laimu tokha. Mwezi wa Juni, kukazizira, tinkasonkha moto m'chumuni muja, ndipo anthu odutsa ankaima pamsewu kudabwa nyumba yofuka utsi pamutu koma osapsa.

Kunja kudali kwa mayi anu, ine ndinkangotumidwa. Adafukulitsa chitsime, adadzala mpanda wa nkhadze kuti mbuzi zisalowe, adasadza mitengo yakale n'kuwonjeza magwafa, mapapaya ndi nthochi kumunsi kumene madzi osamba ankathera. Kutsogolo kwa khonde adadzala maluwa amene ankapempha mbewu zake kwa masisitere, kuseri adapanga mabedi a mpiru, tomato, anyezi ndi therere. Manyowa ndinkabwera nawo ine kuchokera m'makola a alimi, ndipo iwo ankaseka kuti pa ntchito yanga yonse phindu limene limafika pakhomo ndi ndowe basi.

Bwana wanga ku boma adali a Mkandawire, munthu wamtali, wosakonda nthabwala, amene ankafuna malipoti pa tsiku lake ngakhale ankadziwa kuti m'malipotimo mulibe chatsopano. Ambiri ankawaopa. Koma akabwera kudzayendera dera langa ankakonda kukhala pakhonde pathu, atavula nsapato, akudya peyala ndi supuni. Mu 1998 adabwera ndi nkhani yoti kwapezeka malo ku Lilongwe, okwera kuposa anga, ndipo dzina limene adapereka lidali langa. Adati mwayi wotere subwera kawiri kwa munthu wa zaka zanga, ndipo penshoni yanga idzatengera giredi imene ndidzapumire. Ndidawapempha kuti ndikayankhe sabata yotsatira. Mayi anu nditawafunsa adati ntchito ndi yanga, ndione ndekha, iwo adzanditsata kulikonse. Koma ankayankhula zimenezi ali chogwada, akuokera mbande, osadzutsa mutu. Ndidapita ku boma kukakana.

A Mkandawire adandiyang'ana nthawi yaitali. “Mukukana udindo chifukwa cha khonde?” adafunsa. Nditavomera, adati, “Mudzapuma ndi giredi yomweyi, ndipo simudzandinena ine.” Sadakwiye, ndipo adapitiriza kubwera kudzadya mapeyala mpaka pamene adawasamutsa.

2002: Chaka cha njala

Za njala ya chaka chimenechi aliyense ali ndi zake zokamba. Kwathu amene adavutika koposa adali matenanti a pa esiteti, anthu ochokera kutali amene adalibe munda wawo kapena mbale wowathandiza. Alimi ankagulitsa ng'ombe ndi mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ndipo ntchito yanga idasanduka yongolemba ziphaso za ziweto zopita kokaphedwa. Ndikafika kunyumba ndinkapeza amayi atakhala m'mphepete mwa khonde ndi ana kumsana. Mayi anu adalibe chimanga chokwanira kugawira onse, koma chitsime chathu sichidaphwe, choncho adalima masamba malo onse mpaka kuzula maluwa awo ena. Ankapereka mpiru, nthochi zosakhwima zoti akaphike, mapapaya aawisi, chinangwa cha kumpanda. Amayi ena ankathandiza kuthirira kuti asaoneke ngati opempha. Kuyambira pamenepo anthu adasiya kunena kuti kunyumba ya mzungu, n'kumati kwa Nambewe, kutchula mfunda wa mayi anu. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti chimene ndidadzagulitsa pambuyo pake sichidali njerwa ndi malata zokha.

2004 mpaka 2006: Matenda ndi kugulitsa

Ndidapuma pantchito mu 2004, ndili ndi maganizo oti ndatsala ndi kuweta nkhuku ndi kukalamba pakhonde. Chaka chotsatira, m'mwezi wa Okutobala kukutentha, mayi anu adagwa m'dimba akuthirira m'mawa. Ndidawapeza atagona chammbali pakati pa mabedi a tomato, maso ali tong'o, pakamwa patapotoka. Tidawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu waukulu, kenaka pa matola mpaka kuchipatala cha ku boma, komwe adatitumiza ku Lilongwe. Adatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene sitinkadziwa kuti ali nako. Mbali yakumanja idafa, ndipo mawu adatsala ochepa, otuluka movutikira.

Atatuluka m'chipatala tidakhala kwa iwe Elube ku Kawale, m'nyumba imene idali yochepa kale kwa iwe, amuna ako ndi ana. Madokotala adati pakufunika mafizo, oti aziwaongola mkono ndi mwendo pafupipafupi, ndipo miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kwambiri ngati tikufuna kuti adzayendenso. Kuchokera ku Chiosya sizikadatheka, makamaka dzinja pamene msewu wathu unkasanduka phala. Penshoni idali yochepa monga adanenera a Mkandawire, ndipo mankhwala, galimoto yopita kuchipatala ndi nyumba yoti tichite lendi zonse zinkadikira ine. Uku nako ku Chiosya kunkabwera mauthenga oti mbuzi zaboola mpanda, akuba achotsa chitseko cha khitchini, udzu wafika pakhonde.

Pa Khirisimasi tidakhala pansi kukambirana. Iwe Yohane udati tigulitse, nyumba yopanda anthu imagwa, ndipo moyo wa amayi ndi woposa nyumba. Iwe Elube udati tidikire kaye mvula ithe tione. Sindikulemba izi kuti wina adzimve wolakwa, nonse munkayankhula mwachikondi ndipo chiganizo chidali changa. Amene adatsutsa poyera adali amalume anu a Lenadi, mlongo wawo wa mayi anu, amene adabwera kuchokera ku Dambe.

“Alamu,” adatero, “mlongo wangayu mutengereni kunyumba kwake ku Chiosya. Akazi anga abwera kudzakhala naye, mafizowo mutiphunzitse tizimuchita ife. Munthu amachirira pamene mtima wake uli.”

Ndidawayankha mwaulemu, koma mumtima ndinkati awa ndi maganizo akumudzi. Ine ndidagwira ntchito ya mankhwala moyo wanga wonse, ndipo ndidaona ziweto zambiri zikufa chifukwa eni ake adakhulupirira kuti zichira zokha m'khola. Ndinkakhulupirira chipatala.

Mayi anu ndidawafunsa tili awiri. Ndidawafotokozera zonse pang'onopang'ono, za mafizo, za msewu, za akuba, ndipo ndidati sindichita kanthu popanda iwo kuvomera. Adandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuvutika kupanga mawu. Pomaliza adati, “Mwaganiza kale.” Atatero adatembenukira kukhoma. Ine mawu amenewo ndidawatenga ngati chilolezo.

Kugulitsa nyumba kumudzi si kofanana ndi m'tauni. Ndidauza anthu ku tchalitchi, ndidauza eni masitolo a feteleza, ndidauza anzanga akale ku boma, kenaka ndidabwerera ku Chiosya ndekha kukatchetcha udzu, kukonza mpanda ndi kupakanso laimu kuti ogula akaione bwino. Woyamba kubwera adali wamalonda wa mtedza amene adayenda m'zipinda akuyeza ndi mapazi, n'kunena kuti agwetsa makoma a m'kati kuti isanduke mosungira matumba, ndipo mitengo idulidwe kuti malole azitembenuka. Ndidamuuza kuti ndidzamuyankha, ndipo sindidamuyankhe. Ena ankafuna malata ndi zitseko zokha. Ena ankangobwera kudzaona m'kati mwa nyumba imene adakhala akuyidutsa kunja.

M'mwezi wa Epulo mudabwera a Tembo ndi akazi awo. Adali anthu a m'boma lathu lomwelo la Mchinji amene adakhala zaka zambiri ku Chipata pa malonda a nsalu, ndipo ankafuna kubwerera kwawo kudzapuma. Ndidawayendetsa paliponse. Ndidadzimva ndikuyamikira nyumba yanga ngati wotsatsa malonda pamsika, kuti makomawa salowa kutentha, chitsimechi sichiphwa, zitsekozi ndi mlombwa weniweni, ndipo liwu lililonse linkandibaya ndekha. A Tembo ankagogoda makoma ndi kusuzumira kudenga. Akazi awo adatsalira m'munda, akufunsa mtengo uliwonse kuti adadzala ndani, umabereka mwezi uti, umafuna madzi ochuluka bwanji. Mafunso ambiri sindidathe kuyankha. Nditawauza za mayi anu, mayi Tembo adati, “Manje mukawauze kuti palibe mtengo umene tidule.” Pa mtengo wa nyumba sitidakanganepo kwenikweni. Tidasainirana ku boma, ndipo ndidanyamula mipando, mabedi ndi makina osokera a mayi anu. Tsiku lochoka amayi a pa esiteti aja adabwera kudzathandiza kukweza katundu. Palibe adandifunsa chifukwa, ankangoti ndikawapatse moni a Nambewe.

2006 mpaka 2008: Kawale

Tidapeza nyumba ya lendi pafupi ndi iwe Elube, ya mpanda wa njerwa ndi bwalo la simenti. Mafizo adathandiza ndithu, sindinganame. Mayi anu adayamba kuima, kenaka kuyenda ndi ndodo akukoka mwendo, ndipo mawu adawonjezekako pang'ono, ngakhale dzanja silidabwererenso. Koma chaka chisanathe, mtsikana amene ankawachititsa mafizo adatiuza mwansangala kuti afika pamene akadafika, kubwera kuchipatala sikukufunikanso, zotsalazo tizingochitira kunyumba. Adandionetsa mmene ndingawongolere mkono ndi mwendo, zinthu zimene ndidaziphunzira tsiku lomwelo, zimene akazi a a Lenadi akadaziphunziranso mosavuta. Ndidathokoza, tidatuluka. Tidakwera minibasi kubwerera kunyumba.

Masiku awo ku Kawale ankathera pampando pakhomo, akuyang'ana mpanda. Ndidayesa kuwadzalira maluwa m'zitini ndi m'matayala, iwo ankangowayang'ana ngati a eni. Sadandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo dzina la Chiosya silidatuluke pakamwa pawo kwa zaka ziwiri. Lidatuluka mu Ogasiti 2008, tikumwa tiyi m'mawa. Adaika kapu pansi n'kunena kuti, “Chiosya. Ndikaone.”

Ndidatumiza uthenga kwa a Tembo, ndipo iwe Yohane udatipezera galimoto. Njira yonse ndinkaopa kuti tikapeza mitengo itadulidwa ndi makoma atadetsedwa. Titafika tidapeza zonse zili bwino kuposa mmene tidazisiyira. Mpanda udali wometedwa, laimu watsopano, mabedi a masamba obiriwira pakati pa chilimwe, maluwa atamasula kutsogolo kwa khonde. Mayi Tembo adasunga mawu awo. Ndidayenera kukondwa, koma mtima udandilemera koposa, chifukwa ndidaona kuti malowo akupitirira bwinobwino popanda ife.

Adatilandira ndi ulemu wonse. Mayi Tembo adagwada popereka moni, adatulutsa mipando yabwino pakhonde, adabwera ndi madzi osamba m'manja ndi tiyi m'makapu a alendo. A Tembo ankandifotokozera za pampu imene adaika pachitsime. Mayi anu sadamwe tiyiyo. Adadzuka ndi ndodo yawo n'kuyamba kuyenda m'munda, mayi Tembo ali pambali pawo, akuima pa mtengo uliwonse. Ndinkawaona akuloza ndi ndodo, mayi Tembo akuwerama kuti amve bwino, nthawi zina akugwedeza mutu. Mbiri itamveka, amayi angapo a pa esiteti adabwera kudzawaona, ndipo kwa nthawi yoyamba chidwalireni ndidamva mayi anu akuseka.

Dzuwa litakwera adatopa, ndipo mayi Tembo adawauza kuti akapumeko m'nyumba pamene chakudya chikukonzedwa, iwo n'kutsogola kukayala. Mayi anu adakwera masitepe a khonde okha, pang'onopang'ono, atakana dzanja langa. Adafika pakhomo lalikulu, limene lidali lotsegula, n'kuima. Ndinkaganiza kuti mwendo wawavuta, ndipo ndidadzuka kuti ndiwathandize. Koma iwo adasamutsira ndodo pachigongono, adawerama pang'ono, n'kunena momveka bwino kuposa mawu onse amene adayankhula zaka zitatu zimenezo:

“Odi.”

M'katimo mayi Tembo adayankha kuti alowe. A Tembo adasiya nkhani ya pampu ija pakati, n'kuyang'ana pansi. Ine ndidatsika pakhonde n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ndidakhalako mpaka adandiitana kuti chakudya chapsa.

Mayi anu adatisiya chaka chotsatira, ndipo monga mukudziwa tidakawaika kwawo ku Dambe. Pa maliro amalume anu a Lenadi adandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo mpaka lero sadandikumbutsepo mawu awo aja. Sindidziwa ngati mayi anu akadayendanso tikadabwerera ku Chiosya nthawi imene ija. Mwina akadafera pa ngolo dzinja lomwelo, tikuthamangira chipatala. Ndayesa kuziyeza mbali zonse ndipo sindipeza yankho. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndidawafunsa funso lija nditanyamula kale yankho m'thumba, ndipo iwo adaona. A Tembo amandiitana chaka ndi chaka kuti ndikacheze, ndi anthu abwino, ndipo inu mukafuna kupita ndi ana anu mupite, akakulandirani. Ine sindidapitekonso.